Mitumbira ya a Ladishi

Munthuyu adali ndi maina atatu, ndipo palibe ngakhale limodzi limene adadzisankhira. Loyamba, Tsokalida, adampatsa ndi amake, ndipo lidatha pamodzi ndi amakewo. Lachiwiri adampatsa ndi ansembe a ndevu zazitali, pamene adamthira madzi pamutu ali kale ndi ana awiri: Gerevazio. Lachitatu lidachokera ku Boma, kumene kumachokera zinthu zambiri zimene munthu sadapemphe, ndipo ndilo lidakhalitsa. Kuyambira patsinde pa phiri la Dedza mpaka kwa Kaphuka, ukafunsa za Gerevazio anthu ankangoyang'anana. Ukati a Ladishi, aliyense ankaloza ndi mlomo.

Asanalowe m'dimba adali wa machila. Idalipo nthawi imene mzungu sankaponda pansi paulendo: ankagona m'chinsalu cholenjekeka kunsungwi, anthu n'kusenza nsungwiyo pamapewa, akuthamanga, akuimba. Amene sadasenzepo amati nyimbozo zidali zokoma. Gerevazio adasenza kwa zaka zingapo Bwana wa Boma amene anthu adamtcha Kabotolo, pa chifukwa chosafuna kufotokoza. Kabotolo adali munthu wofatsa, koma kufatsa sikupepula thupi. Khungu la pamapewa pa Gerevazio lidakhuthala ngati la pakhosi pa ng'ombe, ndipo ngakhale pa tsiku lopuma ankayenda chopendekera, ngati nsungwi ikadali pomwepo.

Tsiku lina mvula itakata, akutsika mtsetse woterera, bondo lake lakumanja lidangoti thyo! Machila adagwa. Bwana adatsegula diso limodzi, n'kufunsa ngati afika, n'kugonanso.

Wotsimphina sasenza machila, ndipo zikadakhala za anthu wamba nkhani ikadathera pomwepo: bwerera kwanu, ukalime. Koma Gerevazio adali atalandira kale nsalu ya Boma ya chaka chimenecho, ndipo kulanda nsalu ya Boma chaka chisanathe kunkafuna chilolezo cha kulikulu, chimene chikadafika nsaluyo itang'ambika kale. A ku Boma adaona chapafupi kusamutsa nsaluyo, mwini wake ali momwemo, kupita nayo kudimba la Bwana, kumunsi kwa nyumba, m'mbali mwa kamtsinje kozizira ngati mpeni. Tsiku limene adagwira khasu la Boma, Gerevazio adalumbira pali amake kuti paphewa pake sipadzakhalanso katundu wa munthu. Sankaopa mkango, sankaopa mfiti kuposa mmene munthu aliyense wanzeru amaopera. Ankaopa kusenza.

Chaka chilichonse kulikulu kunkachokera kabokosi ka mbewu zachizungu, akuti ziyesedwe ngati zingamere kuno: kabichi, kaloti, anyezi, ndi zina zimene zinkafa zisanatchulidwe dzina. Wobweretsa kabokosiko kudimba adali kalaliki wa Boma, Bonifasio, bambo wophunzira kumishoni, wa nsapato zomupana zimene ankavula akangokhota pakona ya ofesi. Chaka china adatulutsa kapepala ka njere zofiirira, n'kukhosomola monga amachitira munthu amene akufuna kunena chizungu.

"Iyi, madala, ndi radish."

"Ladishi."

"Ayi. Pindani lilime. Radish."

"Ladishi."

"Lilime, madala, lilime! Lizikhala ngati likunjenjemera."

"Langa limanjenjemera ndi chisanu chokha, a kalaliki. Tanenani, amadya masamba kapena kunsi?"

Bonifasio adatembenuza kapepalako. Padali chithunzi cha kanthu kofiira, kozungulira, ka mchira wautali. Iye ankatha kulemba dzina la kanthuko popanda kulakwitsa chilembo, koma adali asanakaonepo ndi maso, osanena zolawa.

"Kunsi."

"Ndiye kuti ndi mbatata."

"Si mbatata."

"Chofiira, chokhala m'dothi, cha mchira. Ngati si mbatata ndi mbewa. Bweretsani kuno."

Ndipo adamulima monga amalimira chilichonse cha pansi. Adaumba mitumbira yaikulu, yosalala, adathira manyowa a mbuzi, adadzala, n'kudikira. Aliyense woleredwa ndi amake amadziwa kuti cha pansi sachifulumizitsa. Umadikira mpaka mtumbira ung'aluke, pakuti mng'alu ndiwo mawu a chimene chili m'katimo, kukuuza kuti chakhwima. Ukatero umafukula pambali ndi kamtengo, n'kuchotsa chachikulu, n'kukwiriranso kuti ting'onoting'ono tikule. Wozula zanthete ndi nyani, kapena wakuba, kapena wanjala, ndipo wanjalayo amachita chobisa, kuti anansi asadziwe kuti nkhokwe yake yagona.

Ladishi adakondwa nayo mitumbira ya Gerevazio. Masamba adafika m'mawondo. Miyezi itatha dothi lidang'aluka, ndipo m'menemo mudatuluka zinthu zonga zibakera, zina zonga mkono wa mwana, zofiira moderako, za ndevu kunsi. Gerevazio adanyamula chimodzi kupita nacho kukhitchini kwa Zefaniya, khukhi wa Bwana, amene adali mlamu wake, popeza adakwatira mng'ono wa mkazi wa Gerevazio. Adalawa chachiwisi. Onse awiri misozi idangoti mbwembwembwe. Adachiphika: fungo lake lidatulutsa galu wa Bwana m'khitchini. Adachiotcha m'phulusa: chidasanduka chikuni. Adaponyera mbuzi: idanunkhiza, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi, n'kuchoka.

"Alamu," adatero Zefaniya akupukuta m'maso, "azungu ndi anthu opirira."

"Mwina ndi mankhwala."

"A matenda anji? Kuli bwino matendawo."

Bwana Kabotolo sankadya za m'dimba. Zakudya zake zinkachokera m'zitini, pamene ankakumbukira kudya. Koma kamodzi pachaka ankatsika kudimba, n'kuyerekeza ladishi wamkulu koposa ndi ndodo yake, n'kukalembera kulikulu kuti ku Dedza mbewu imeneyi ikukula kuposa kwina kulikonse m'maiko a Mfumu ya azungu. Kulikulu ankakondwa, n'kutumiza mbewu yochuluka kuposa ya chaka chatha. Gerevazio ankaonjezera mitumbira. Zefaniya ankalandira zokolola mwaulemu, n'kukazitaya m'dzenje kuseri kwa khitchini. Ntchito imeneyi idayenda bwino kwambiri zaka zambiri, chifukwa panalibe amene ankadya.

Loweruka lililonse Gerevazio ankatsimphina kupita kumudzi kwa mkazi wake Dorika, kumene adali mkamwini. Pamowa akamufunsa chimene amalimira mzungu, ankayankha ndi liwu lokhalo lachizungu limene adali nalo. Ena adali ndi awo: wochapa ankadziwa a sopo ndi nsimbi, a machila ankadziwa otukwana okhaokha. Lake lidali laukhondo, losatukwana munthu, ndipo ankalinena mwaulemu, pang'onopang'ono. Posakhalitsa lidamukakamira. Dorika yekha ndiye sadalitchulepo. Kwa iye adali abambo a Falesi, ndipo ntchito yawo ku Boma idali yothirira.

Kenaka azungu adayambana okhaokha kwawo, ndipo monga mwa chizolowezi chawo, adaona kuti ndewuyo ingakome atagawirako ena. Nkhondo idafika kumalire a kumpoto. Asilikali amafuna ufa, zipolopolo, mahema ndi mabafa, ndipo zonsezi zilibe miyendo. Amesenjala adayamba kuyenda m'midzi kutola amuna a mtengatenga. Ankatola wamphamvu, atatha amphamvu ankatola amene wapezeka. Okhawo osakhudzidwa adali antchito a panyumba ya Bwana: khukhi, wochapa, wa m'dimba. Mpanda wa dimba udali wa udzu ndi minga, woti ngakhale mwana wa mbuzi ankaulowa, koma kwa Gerevazio udasanduka linga.

Nthawi yomweyo Kabotolo adabwerera kwawo, chiwindi chitatsogola. M'malo mwake mudabwera Bwana wowonda, wofulumira, amene sankatha kupereka moni osayang'ana kaye nthawi. Adamtcha Kawotchi. Ndipo Kawotchi adabwera ndi chinthu chimene nyumba ija idali isanaonepo: Dona.

Dona adatsika kudimba m'mawa wa tsiku lachitatu, Bonifasio ali pambuyo ndi nsapato kuphazi. Adayang'ana mitumbira ili ndandanda, n'kufunsa ngati m'dimba la Boma amaikamo maliro. Atamva kuti ndi ladishi adaseka, koma osati kuseka koti nawe usekeko. Adawerama pa mtumbira umene mbewu yake idali isanathe mwezi, adagwira masamba, n'kuzula. Kadatuluka kanthu kofiira kowala, konga ka pachithunzi paja. Adakapukuta pamalaya, n'kukaluma: khwatchu!

Gerevazio adayang'ana kumbali, monga umachitira ukapeza apongozi akusamba.

"Akuti a Dona," adatero Bonifasio, "kuyambira lero mitumbira ithe. Mabedi osalala. Muzifesa kamzere kamodzi sabata iliyonse, ndipo muzizula akafika ngati dzira la nkhunda."

"Dzira la nkhunda? Tawafunsani ngati kwawo kuli njala."

"Zimenezo sindifunsa, madala."

"Nanga auzeni kuti ameneyu akadali mwana."

"Akudziwa. Akuti amafuna mwanayo."

Gerevazio adamvera. Adagumula mitumbira yake ndi khasu lomwe adaiumbira. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke paphiri, zala zitauma ndi chisanu, ankazula tiana tofiira todzaza kadengu, n'kukatisiya pakhomo la khitchini osayang'ana Zefaniya kumaso. Ntchito idapepuka, komabe ankaweruka ali wotopa kuposa kale, kutopa kwa munthu amene tsiku ndi tsiku amachita ndi manja ake chimene amake akadamukwapulira. Nthawi ya Lenti adakaulula kwa wansembe kuti amazula mbewu yosakhwima, mwadala, kawirikawiri. Kuseri kwa kansalu wansembeyo, mzungu wa dziko lina, adafunsa ndi mawu onjenjemera ngati kungatheke kumubweretserako pang'ono, ndi kamchere. Gerevazio adabwerera ali ndi tchimo lake, ataonjezera kudziwa kuti matendawa ndi a mtundu wonse.

Msewu wa kumpoto unkadutsa kumunsi kwa dimba. Akamathirira ankawaona amtengatenga akudutsa mondondozana, mabokosi pamutu, kapitawo pambuyo. Opita sankaimba. Obwerera adali ochepa, ndipo ankayenda ngati akufunafuna chinthu chimene adataya pansi. Mlongo wake wa Dorika adapita nawo, osamvekanso.

"Abambo a Falesi," adatero Dorika Loweruka lina, akumuthowa bondo ndi madzi otentha, "ndamva kuti mukung'ung'udza za timbewu ta mzungu."

"Si kulima kumene kuja."

"Ngakhale atati muzizula tisanamere, zulani. Munda ndi wawo, m'mimba ndi mwawo. Bondo ili lingakafike kuti? Pa Linthipe pomwepa mwagwa."

"Ndikuzula, mayi. Kodi sindikuzula?"

"Muzizula ndi nkhope yomwe. Nkhope yanuyo siizula."

M'chaka chachitatu cha nkhondo kudamveka kuti kukubwera mlendo wamkulu wa kulikulu, woyendera maboma, kudzaona ngati boma lililonse likupereka amtengatenga okwanira. Akaidi adasesa msewu. Miyala ya m'mbali mwa njira idapakidwa njereza. Mbuzi zidalamulidwa kuti zisaoneke. Mbewu nayo idali itavuta, pakuti zombo zinkamira panjira, ndipo m'kabokosi mudatsala kapepala kamodzi ka ladishi. Dona adakapereka yekha m'manja mwa Gerevazio, nati kudzera mwa Bonifasio: uyu ndi wa mlendo. Patapita masiku owerengeka Dona adagwidwa ndi malungo, n'kugona m'chipinda chotseka mazenera, akumwa msuzi wokha.

Gerevazio adakhala pa chitsa, kapepala kali m'manja. Wa mlendo. Za Dona adali atazizolowera. Nyumba iliyonse ili ndi zake, ndipo ngati mkazi wa Bwana amadya tiana ta mbewu, imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba, yoti antchito abise. Koma mlendo ndi wina. Mlendo amanyamula dzina la nyumba kupita nalo kwawo. Ngakhale wosaukitsitsa, mlendo wolemekezeka akafika, amagwira tambala, osati mwanapiye. Munthu wamkulu achoke kulikulu konse kuja, adzaikiridwe pambale timazira ta nkhunda, akanena chiyani? Kuti ku Dedza Bwana ndi womana. Kuti wa m'dimba wake sadziwa kulima.

Kuseri kwa nthochi, kufupi ndi madzi, kumene sikuoneka uli panjira, adaumba mitumbira. Adaisalaza ndi kumbuyo kwa khasu, adathira manyowa a mbuzi zobisidwa zija, adadzala kapepala konse. Tsiku limenelo adaweruka msana ukuwawa, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka ziwiri adagona tulo.

Zefaniya adaipeza akufuna masamba a nthochi.

"Alamu! Mwayambanso manda anu aja?"

"Ndi wa mlendo."

"A Dona adati dzira la nkhunda."

"A Dona adye nkhunda zawo. Inu kwanu mlendo mumamuphera mwanapiye?"

"Kwathu mlendo satumiza anthu kunkhondo. Mwaiwala chimene akudzera ameneyu? Akudzawerenga makosi, alamu, ndipo lanu lili pomwepo."

Gerevazio adaponda dothi la mtumbira pomwe lidagumuka. "Akafika tsiku limene anena, apeza akadali wamng'ono, inu ndi a Dona mukondwe. Akachedwa, ndiye kuti Mulungu wafuna kuti adye wokhwima."

"Mudamuonapo liti wa Boma akufika tsiku limene wanena?"

Mlendo sadafike tsiku limene adanena. Poyamba akuti mlatho udathyoka. Kenaka akuti adadwala chimfine. Kenaka padafika uthenga wonena kuti kudzafika uthenga wonena tsiku. Fumbi lidadetsa miyala, akaidi adaipakanso, lidaidetsanso, adaipakanso. Mbuzi zidawonda m'khola. Kuseri kwa nthochi masamba adafika m'mawondo, ndipo m'mawa wina Gerevazio adaona mng'alu woyamba, wonga kumwetulira.

Mlendo adafika mwadzidzidzi masana ena, pamachila. Gerevazio adasuzumira pampanda, n'kuyeza ndi maso mmene nsungwi idapindikira. Phewa lake lidamva kulemerako asanamalize kuyang'ana.

Adapita kuseri kwa nthochi ndi kamtengo. Pofukula mtumbira woyamba adapeza kuti pansi pa masamba aakulu padali tina tomera mochedwa, tofiira towala, tonga mazira a nkhunda, tokwana mbale imodzi. Dzanja lake lidaima pamwamba pake. Ankadziwa bwino lomwe. Akadatizula, n'kutipereka kwa Zefaniya, Dona akadamwetulira, mlendo akadadya n'kuiwala, ndipo iye akadapitiriza kuthirira mpaka azungu atatopa kumenyana. Adamva mawu a Dorika ngati ali kuseri kwa nthochi komweko. Adatiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adatikwirira bwinobwino, n'kusisita dothi ndi chikhatho, monga umafunditsira mwana.

Adasankha wamkulu koposa onse, wonenepa ngati ntchafu ya mbuzi. Adamutsuka mumtsinje, adamuchotsa ndevu, adamugoneka palichero pa tsamba la nthochi, masamba ake ali pomwepo. Ndipo sadadzere kukhitchini. Nkhuku ya mlendo imayamba yaonekera kwa mlendo ili yamoyo, kuti aone ndi maso ake kuti sanampatse yodwala, kenaka ndiye imapita kumpeni. Gerevazio adazungulira nyumba, adakwera masitepe a khonde amene adali asanawapondepo, adagwada, bondo n'kulira, adaika lichero pansi, n'kuomba m'manja.

Pakhondepo padali mlendo, wofiira nkhope, atavula nsapato imodzi. Padali Kawotchi. Padali Dona, atafunda bulangete, tsiku lake loyamba kutuluka panja. Bonifasio adaima kukhoma, monga mwa udindo wake. Mlendo adaloza lichero, n'kufunsa kanthu. Bonifasio adakhosomola, koma Gerevazio adamutsogolera. Liwu limeneli adalisunga zaka zonsezi, ndipo silinkasowa womasulira.

"Ladishi, Bwana."

Mlendo adadzuka pampando. Zidadziwika pambuyo pake kuti ndiye amene kale, ali wamng'ono paudindo, ankalandira makalata a Kabotolo, n'kumalamula kuti ku Dedza kutumizidwe mbewu yochuluka. Adali atatamandapo ladishi wa ku Dedza pamaso pa akuluakulu anzake kangapo konse, asanamuone. Tsopano si uyu! Adamunyamula ndi manja awiri, adamuonetsa kwa Kawotchi, adatulutsa kampeni m'thumba. Kampeniko kadalowa movutikira, ngati mumtengo, kenaka kadangoti fwa, pakuti m'kati mudali mwa mphako, moyera, mouma ngati m'kati mwa phesi. Mlendo adazengereza. Koma anthu ankayang'ana, ndipo wa Boma akayamba chinthu pamaso pa anthu sabwerera. Adaluma.

Adatafuna nthawi yaitali. Nkhope yofiira ija idapeza kufiira kwina kumene idali isanafikepo. Wa Boma salavula pamaso pa anthu akuda, choncho adameza. Misozi idatsikira m'ndevu za pamlomo. Kawotchi adayang'ana wotchi. Dona adatseka maso.

Gerevazio adaona misoziyo ndipo sadadabwe. Ndi mmene amachitira wokhwima. Adaombanso m'manja, n'kubwerera chafutambuyo.

Dzuwa litapendeka Bonifasio adafika pachipata cha dimba, nsapato zili m'manja.

"Mlendo uja akuti sanakwiye, madala."

"Eya."

"Afunsa ngati mbewu ilipo ina. Ndati yatha. Yatha, sichoncho?"

"Yatha."

"Ndiye akuti dimba lopanda mbewu silifuna munthu wake. Kabichi angathirire ndi akaidi. Akutinso boma lino laperewera pa anthu amene lidayenera kupereka. A Bwana anati m'midzi amuna atha. Iwo akuti sanathe, pakuti wina wangochoka kumene pakhonde." Bonifasio ankayankhula akuyang'ana nsapato zake. "Anatsika kudzaona mitumbira yanu, inu muli kumtsinje. Aitama kwambiri. Akuti woumba mitumbira yotere ali ndi msana wabwino."

"Munawauza za bondo?"

"Ndinawauza."

"Ndiye?"

"Akuti katundu sasenzera pabondo."

Boma silichotsa munthu ntchito pa nkhani ya ndiwo. Limeneli likadakhala khalidwe la anthu osachangamuka. Gerevazio adangosamutsidwa. Nsalu ya chaka chimenecho adali atalandira kale, ndipo idapita kumpoto, mwini wake ali momwemo.

Dorika adabwera m'mawa wa ulendo ndi kathumba ka chimanga chokazinga ndi mtedza. Adali atamva zonse kwa mng'ono wake. Sadakalipe. Adamumangirira kathumbako m'chiuno, adakoka mfundo kawiri, nati: "Tambala wanu mwamuonetsa, abambo a Falesi."

"Ndamuonetsa."

"Anakhuta?"

Gerevazio adaitana Zefaniya pambali. "Alamu, kuseri kwa nthochi kuli tina tating'ono. Akaidi asatizule."

"Mukupita kunkhondo, mukundisiyira mbatata za mzungu? Osandisiyira mawu a ana?"

"Ana ali ndi mai wawo."

Kapitawo adampatsa bokosi la zitini. Adalisenza pamutu, pakuti lumbiro lija lidali la phewa, ndipo mutu sadaulumbirire. Adayenda choncho akukoka mwendo, akudutsa kumunsi kwa mpanda wake wa udzu, mpaka dzuwa lidafika paliwombo. Atawoloka Linthipe khosi lidakana. Adatsitsira bokosilo paphewa lakumanja, ndipo lidakhala bwinobwino, pamalo pomwe nsungwi idasiya.

Za kumene adapita sadasimbepo. Adabwerera nkhondo itatha, pakati pa ochepa aja, ali ndi ndodo, mwendo wakumanja ukungotsatira pambuyo ngati wa eni. Kawotchi adali atasamutsidwa. Bwana watsopano ankadya za m'zitini. Dimba lidali thengo, mpanda udagwa, ndipo ku Boma kudalibe amene ankakumbukira kuti kudali wa m'dimba, kupatula Zefaniya, amene atamuona adakhala pansi n'kuyamba kumutukwana uku akulira.

Koma m'mbali mwa kamtsinje kaja, kuyambira panthochi kutsika mpaka pamsewu, mudali mutamera zomera za masamba aubweya ndi timaluwa toyera. Panalibe adazula mitumbira ija. Ladishi adachita maluwa, adabala njere, njere zidagwa, madzi adazitenga. Amayi odzatunga madzi adaona kuti masamba ake akunga mpiru, adayesa kuthyola, adathira chidulo ndi nsinjiro, n'kupeza kuti m'nthawi yovuta amadyeka. Kunsiko panalibe ankakufuna. Ankangoti mpiru wa a Ladishi. Dorika adali atatapako njere n'kufesa m'dimba lake kumudzi.

Ndizo ndiwo zimene adamuikira tsiku limene adafika. Gerevazio adakhala pamphasa atatambasula mwendo, akudya pang'onopang'ono, pakuti ngakhale kutafuna kudasanduka ntchito. Adazindikira kuyabwa kwake palilime.

"Tija tating'ono, kuseri kwa nthochi," adatero, "adatizula?"

"Sadatizule."

"Tidakhwima?"

"Tidakhwima mpaka kuuma."

Adagwedeza mutu. Adasamba m'manja, adatsamira khoma, dzanja lake n'kupita lokha paphewa kukasisita.